Kubereka nandolo

Mawondo anga anayamba kuyankhula ndisanakwanitse n'komwe zaka makumi asanu. Ndikati ndigwade m'tchalitchi, khwatcha! Ndikati ndidzuke pa mashini anga osokera, khwatcha khwatcha, ngati wina akuthyola nkhuni kuseri kwa nyumba. Bambo a kunyumba ankati tambala tingomudya, chifukwa mawondo angawo akukwana kudzutsa banja lonse. Ndinkaseka nawo, mpaka tsiku limene ndinagwa pamodzi ndi amayi.

Amayi ankakhala kumudzi kwathu, kunsi kwa phiri la Michesi, ndipo miyendo inali itawakana. Wowanyamula kupita kubafa ndi kuchimbudzi anali mlamu wanga, mkazi wa achimwene. Koma mlamuyo anali woyembekezera, ndipo tinagwirizana kuti akatopa, amayi adzabwere kwa ine ku Boma. Loweruka lina ndinati ndiyeserere. Ndinawagwira m'khwapa kuti ndiwadzutse pamkeka, mawondo anga n'kungopindika okha, tonse awiri khu! Palibe anavulala, koma achimwene anagamula pomwepo kuti adzandipezera waganyu, mwamuna wamphamvu, woti aziwanyamula.

"Mwamuna wachilendo andigwire ine?" anatero amayi. "Ndiye ndingosiya kumwa madzi, ndione chimene chindipititse kuchimbudziko."

Amayi anga saopseza. Tsiku lomwelo anakankha kapu, ndipo ine mantha anandigwira zenizeni. Ndinawalonjeza kuti ndidzawanyamula ndekha, m'pamene anamwa.

Kuchipatala, dokotala wa mafupa anandipinda miyendo uku ndi uku, n'kunena kuti phokoso palokha si matenda, vuto ndi ntchafu zofooka. Anati ndizikhala pampando ndi kudzuka osagwira paliponse, komanso ndiziyenda nditanyamula katundu, kuyambira wopepuka, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Bondo likabaya kapena kutupa, ndipume. Zampandozo zinali zosavuta, ndinkachitira kuchipinda. Koma zakatunduzo, dokotalayo anaiwala kuti tili ku Phalombe.

M'mawa mwake ndinatunga zigubu ziwiri pamjigo. Ndisanafike ngakhale pamsewu, mayi wina wa kwaya yathu anatulukira akuthamanga. "Tikulandireni, mayi!" Ndisanatsegule pakamwa, zigubu zapita. Mawa lake ndinadzera njira ina. Wakabaza wina anaima, n'kumangirira zigubu zanga pakaliyala, ulendo kukazitula pakhomo panga, ine ndikutsatira m'mbuyo chimanjamanja ngati mlendo. Tsiku lina ndinakakamira chigubu ndi manja onse, ndikuti, "Ndisiyeni, ndikulimbitsa thupi!" Mayi wa kwaya uja anandiyang'ana mwachisoni. "Inu mukufuna anthu azinena kuti kuno kulibe ulemu?" Tinalimbirana mpaka madzi anatithira tonse.

Madzulo ake mwana wanga wa ku Blantyre anandiimbira foni akulira, ati wamva kuti amayi ake akuzunzika ndi madzi ngati alibe ana. Ha! Ndinapsa mtima. Ulemu wa kwathu kuno ukhoza kukupundula uli maso.

Nzeru inandibwerera kumsika. Ndinaona mtsikana atabereka chimwana chonenepa, thukuta kamukamu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe womuuza kuti tikulandireni. Mwana wogona kumsana salandiridwa. Nditafika kunyumba ndinathira nandolo m'kathumba, n'kukaveka chipewa choluka, n'kukabereka ndi chitenje, china n'kufunditsa pamwamba.

Bambo a kunyumba anatsamwa ndi tiyi. "Ameneyu wabadwa liti, ine bambo wake osauzidwa?"

"Khalani chete, mumudzutsa," ndinatero, n'kutuluka.

Abale inu, ndinayenda! Boma yonse ndinaizungulira popanda wondigwira. Anthu ankatsitsa mawu pondipatsa moni. "Mdzukulu?" Ine, "Eee." "Wagona?" Ine, "Ameneyu n'ngwatulo." Mayi wina wachisilamu wa pagolosale anandipatsa mandasi oti mwana akadzuka adye, ndipo ndinadya ndekha ndili pakona, ndikunjenjemera ndi phwete. Mlungu uliwonse ndinkawonjezera nandolo. Ndikabwerako ndinkakhala pampando ndi kudzuka mwana ali kumsana, mawondo akuimba nyimbo yawo, bambo a kunyumba akuwomba m'manja.

Anandigwira ndi mayi wa kwaya yemwe uja. Tsiku lina kukutentha anandiimitsa mwaukali. "Mwanayu mumupha ndi nsaluzi! Ndiponso chibwerere sitinamumvepo akulira." Anavundukula chitenje, chipewa n'kugwa, n'kukumana ndi pakamwa pa thumba. Anakuwa, kenako anakhala pansi pamsewu pomwepo, akuseka mpaka misozi. Nditamufotokozera za amayi anasiya kuseka, ndipo anandithandiza kumanganso chitenje. Kuchokera tsikulo anthu ankangondikuwira ali patali kuti, "Akukula mwana?" Ine, "Akudya bwino!" Panalibenso wondilandira.

Mawondo sanasiye kulira, ndisakunamizeni. Mpaka lero amalira. Koma kuwawa kuja kunachepa, ndipo ndinayamba kudzuka pamphasa osagwira khoma. Thumba linafika poti bambo a kunyumba ankachita kubuula polikweza kumsana kwanga.

Mlamu atatopa, achimwene anabwera ndi amayi pagalimoto ya hayala, imene inaima kumsewu chifukwa njira ya kwathu ndi yopapatiza. Ndinavula nsapato, n'kunjuta pakhomo la galimoto, n'kupereka msana.

"Iwe, tigwanso," anatero amayi.

"Gwirani khosi basi."

Ndinakoka chitenje, n'kumanga pachifuwa monga ndinkachitira m'mawa uliwonse. Ndinakunga mphamvu zonse kuti ndidzuke, khwatcha! Ndipo ndinatsala pang'ono kudzandira, chifukwa ndinadzuka msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Amayi anali opepuka kuposa nandolo wanga. Ndinayamba kuyenda mofulumira kuti asandione nkhope.

Achimwene anatithamangira m'mbuyo. "Chemwali, dikirani, ndikulandireni!"

Amayi anandikumbatira zolimba, chibwano chili paphewa langa. "Musiye," anatero. "Ine ndinamubereka mpaka ali ndi mano onse, ndipo palibe anandilandira."

Titafika pakhonde, ndisanawatsitse n'komwe, anapempha madzi. Anamwa kapu yonse ali kumsana kwanga, ena akundidonthera m'khosi, n'kuitanitsa ina.