Tsiku limene ndinamasulira mawu a amayi

Lachinayi, pa 21 Ogasiti. Masana ano ndinali kutembenuza usipa pa thandala, amayi atapita kumunda, pamene mayi wina wogula nsomba wochokera ku Maniamba anaima ndi dengu lake n'kundifunsa kuti, "Kodi thandala ili ndi la amayi a masikito aja?" Sanafunse mwachipongwe ayi. Anafunsa ngati munthu wofunsa njira. Ndinavomera ndi mutu. Iye anatola usipa umodzi, anaununkhiza, anaubweza, n'kupita kukagula pa thandala lina.

Nkhani imeneyi ndakhala ndikuizemba m'kope muno kwa miyezi iwiri. Masamba a mwezi wa Juni adzaza ndi za mayeso, za mwera, za mwanapiye amene anatengedwa ndi mphamba. Pa tsiku limene kunabwera mtolankhani ndinalemba mzere umodzi wokha: "Kunabwera alendo." Lero ndilemba zonse.

Masiku amenewo wailesi inkanena m'mawa ndi masana kuti nsomba zikutha m'nyanja chifukwa cha azimayi amene amapha ndi masikito. Sindingakane, amayi ankapha ndi masikito. Chimwalirire abambo, bwato lathu linakhala pamtunda mpaka linang'ambika, ndipo amayi ndi anzawo awiri ankalowa m'madzi ofika m'chiuno m'mamawa, kukoka neti yakale ya udzudzu, n'kutuluka ndi tinsomba ta bonya todzaza beseni limodzi, tsiku labwino awiri. Neti yatsopano imene tinalandira kuchipatala ndimagonamo ine ndi mng'ono wanga. Ya kunyanjayo inali yakale, yobookabooka, yosokedwa ndi ulusi wa thumba la ufa.

Linali Loweruka. Galimoto inachokera ku Metangula itanyamula mafisikale awiri, anthu oyang'anira za usodzi aja, ndipo pampando wakumbuyo panali mtolankhani. Anali bambo wachinyamata wochokera kutali kumwera, wosamva Chinyanja ngakhale moni. Mchenga unkamulowa m'nsapato, ndipo ankangoyang'ana wotchi chifukwa galimoto yomweyo inkayenera kukafika ku Lunho dzuwa lisanapendeke. Mafisikale anasonkhanitsa maneti a azimayi n'kuwaunjika pamchenga. Mtolankhani atatulutsa kachipangizo kake kojambulira mawu, azimayi anabalalika, ena kubisa nkhope m'makapulana, zitenje zawo zija. Amayi okha ndi amene anaima.

"Itanani mwana wanu wa sukuluyo," anatero mnzawo wina ali chapatali. "Chipwitikizi chimene amatisokosa nacho pochapa chija achidye lero."

Ine ndinali kuseri kwa thandala. Ndine munthu woti m'kalasi yankho ndikulidziwa koma mkono sukwera. Amayi anandikodola ndi chala, ndipo ndinapita.

Tisanayambe anafika apadirinyu anga. Iwowa ndi amene anandiimira pa ubatizo abambo ali moyo, ndi mkulu kutchalitchi kwathu, ndipo ali ndi maboti atatu a injini amene amapita kunyanja ndi nyali. Nsapato zanga zoyamba zinachokera m'manja mwawo. Chiyambire ndili wamng'ono ndimagwada powapatsa moni, ndipo tsiku limenelonso ndinagwada, mtolankhani akudikira. Iwo amamva Chinyanja ndi Chipwitikizi chomwe. Anavula chipewa n'kuima pambali, ngati munthu wongodutsa.

Mtolankhani anafunsa ngati amayi amapha nsomba ndi masikito. Ndinamasulira.

"Inde, ndimapha," amayi anatero. "Koma umuuze kuti imene ndimaphera ndi yakale. Yatsopano ana anga amagonamo. Akafuna apite kunyumba akaione, yamangidwa pamphasa."

Zimenezi ndinazinena zonse, osasiya kanthu. Mawu anga ankatuluka ang'onoang'ono, mpaka bamboyo anasendeza kachipangizo kaja pafupi ndi pakamwa panga. Kenako anafunsa ngati amayi akudziwa kuti neti yotere imapha ndi tiana ta nsomba tomwe.

Amayi anamanga kapulana yawo mwamphamvu. Ndikawaona akutero ndimadziwa kuti mawu akubwera.

"Ndikudziwa. Ndinabadwira pagombe pano, sindinabwere pagalimoto. Tsono iwe umufunse bamboyu. Beseni langa limodzi, ndi maboti amene amatseka pakamwa pa mtsinje nthawi imene mpasa zikukwera kukaswa, chimene chikumaliza nyanja n'chiti? Nanga chilimila, khoka lalikulu la m'maboti amenewo, m'mimba mwake anasokereramo chiyani? Si masikito omwewa, olumikizalumikiza? Ife tikukoka umodzi ndi manja, iwo akukoka mulu ndi injini. Asavutike kufufuza. Chayanikidwa kuseri kwa nyumba iyo, angoyenda pang'ono. Akawotche zonse, ine ndibweretsa machesi."

Nyumba imene ankanenayo inali ya apadirinyu. Amayi sanaloze ndi chala, koma ndi mlomo, monga timachitira.

Ndinayang'ana apadirinyu. Akanakhala kuti akwiya mwina ndikanalimba mtima. Koma sanakwiye. Ankangotembenuza chipewa m'manja, n'kumandiyang'ana mofatsa, monga amandiyang'anira ndikamawerenga salimo kutsogolo. Kwathu mwana sanena choipa cha wamkulu mwini wake ali pomwepo, makamaka wamkulu amene anamunyamula pa ubatizo. Mawu akanakhala a amayi, koma pakamwa pakanakhala panga, ndipo liwu limene likanamveka pa wailesi likanakhala langa. Zonsezi sindinaziganize mwadongosolo monga ndikulemberamu. Ndinauza mtolankhani m'Chipwitikizi kuti, "Amayi akuti akudziwa, koma moyo ndi wovuta."

Amayi anandiyang'ana. "Zonse zija wamaliza?"

"Chipwitikizi n'chachifupi, amayi."

"Ohoo," iwo anatero, n'kuseka. "N'chifukwa chake anthu a boma satopa kulankhula."

Mmodzi wa mafisikale aja anali Mnyanja mnzathu. Anamva zonse ziwiri, za amayi ndi zanga, koma anatembenuka n'kumayang'ana mafunde. Mtolankhani sanadabwe kuti mawu ataliatali aja asanduka mzere umodzi. Anathokoza, anajambula amayi chithunzi ataima pafupi ndi mulu wa maneti, n'kupita kukacheza ndi apadirinyu pamthunzi. Manetiwo anawotchedwa pomwepo. Sayaka ngati udzu, amasungunuka n'kumadontha, ndipo fungo lake linakhala m'tsitsi langa mpaka Lamulungu.

Galimoto itapita, apadirinyu anabwera akuseka. "Mayi, lilime lanu lija silikalamba," anawauza amayi. Kenako anandigwira pamutu. "Koma uyu munamulera bwino. Mwana waulemu."

"Sekani lero, bambo," amayi anayankha. "Zikamveka pa wailesi tidzaona amene adzaseke."

Amayi anadikira masiku atatu ngati munthu wodikira mvula. Anauza aliyense, kumjigo, kumsika, ngakhale kumaliro. Tsiku lachitatu masana tinasonkhana pakhonde la aneba amene ali ndi wailesi yaikulu, azimayi ngati asanu ndi ana awo. Poyamba analankhula mkulu wa za usodzi, nthawi yaitali ndithu. Kenako namwino wina anafotokoza za malungo. Kenako anamveka apadirinyu, amene wowulutsa anawatcha woimira asodzi, akudandaula kuti iwo asodzi enieni akubwerako manja lende chifukwa cha mchitidwe umenewu. Pomaliza kunamveka liwu la amayi, mawu awiri okha: "Inde, ndimapha." Pambuyo pake liwu langa laling'ono likunena zomwezo m'Chipwitikizi. Wowulutsa anatseka ndi kunena kuti n'zomvetsa chisoni kuti makolo ena akuchotsa maneti pa ana awo n'kukawaponya m'nyanja. Nyimbo inayamba.

Za neti yakale ndi yatsopano zija, zimene ndinamasulira bwinobwino, kunalibe. Ngakhale za moyo wovuta zija kunalibe.

Mwana wina anafuna kuvina nyimboyo, mayi ake anamukhazika pansi. Amayi anadzuka, anasasa kapulana, n'kunena kuti, "Andidula lilime." Tinabwerera kunyumba iwo patsogolo ine pambuyo.

Madzulo ake nkhaniyo inabwerezedwa m'Chinyanja, ndipo chithunzi chija chinayamba kuyenda m'mafoni. Chinafika ku Lichinga kwa amalume, amene anaimba kufunsa ngati tikugonadi popanda neti. Dzina la amayi a masikito linayamba pamenepo. Ogula ena amaopa kuti nsomba za pa thandala lathu mafisikale akawalanda panjira. Mng'ono wanga atatentha thupi mwezi watha, mayi wina pamzere wa kuchipatala anafunsa mokweza kuti, "Neti yake ili kunyanja eti?" Amayi, amene sasowa choyankha, anangoyang'ana kumbali. Kutchalitchi ankakhala kutsogolo n'kumayambitsa nyimbo. Tsopano amakhala pafupi ndi khomo, ndipo akangoti ameni iwo atuluka kale. Usipa umene ndinkatembenuza lero ndi umene amapatsidwa akasenza nsomba kuchokera m'maboti kupita kumathandala a eni ake. Maboti ake ndi omwe aja. Chilimila chija chikadayanikidwa pamalo pake.

Chimene chimandipweteka kwambiri si dzinalo. Ndi mmene amayi amanditetezera. Munthu akangoyamba nkhaniyi iwo amati, "Mwana wanga ananena zonse, ine ndinali pomwepo. Anaima nji, osaopa munthu. Odula ndi a wailesiwo." Amanena monyadira. Tsiku lina anandipatsa mutu wa kampango, umene amadya okha, ati chifukwa ndine mutu wa nyumba ino pa za sukulu. Ndinadya, koma sunkatsika.

Ndayesa kudzitonthoza. Ndimati ngakhale ndikananena za chilimila, akanadula, monga anadulira za neti yakale. Munthu amene wabwera pagalimoto ya mafisikale, amene adzabwerere pagalimoto yomweyo, angakaulutse kuti iwo anawotcha maneti a azimayi okha? Panali mtunda waufupi chabe kuchokera pamene anaima kukafika kuseri kwa nyumba ija. Sanafunse chifukwa chake mzimayi amalowa m'madzi ozizira nthawi ya mwera. Sanafunse kuti abambo ali kuti. Anabwera nkhani yake ataimaliza kale, ankangofuna liwu la munthu wovomera kuti aikepo. Zimenezi ndimazikhulupirira, ndipo ndimamukwiyira.

Koma ndikafika pamenepo mtima umandibweza. Mwina akanadula, mwina sakanadula. Mwina akanatembenuka n'kuyenda pang'ono paja, pakuti sankaoneka munthu woipa. Anapepesa atatipondera mphasa yoyanikapo nsomba. Sindidzadziwa, chifukwa mawuwo sanalowe n'komwe m'kachipangizo kake. Iye anadula zimene anamva. Zimene sanamve ndinadula ndine, ndisanachoke pamchenga.

Chichokere nthawi imeneyo wailesi ndimaimva mwa mtundu wina. Kale ndinkaganiza kuti zimene yanena ndi zimene zachitika, basi. Tsopano akamanena za anthu okumba golide kumapiri, kapena za alimi amene akukangana ndi oyang'anira nkhalango, ndimadikira kumapeto, pamene amaika liwu la mayi wina wakumudzi kwa kanthawi kochepa. Ndimamvetsera ngati mawu ake akutha okha kapena akudukira pakati. Ndimadzifunsa kuti ananena zotani zina, ndani anamumasulira, ndipo ndani anaima pambali atagwira chipewa. Aphunzitsi athu a Chipwitikizi anatipatsa ntchito yolemba nkhani ngati atolankhani, ndipo anandiyamikira kuti ndimalemba mosamala. Ndinalemba za mpira wa sukulu.

Apadirinyu ndimawapatsabe moni chogwada. Amandifunsa za mayeso, ndimayankha. Sitinatchulepo za tsikulo, koma iwo akudziwa ndipo akudziwa kuti ine ndikudziwa. Chinsinsi changa chili m'manja mwawo, osati mwa amayi, ndipo zimenezi si zolongosoka. Mwana sayenera kugwirizana ndi munthu wakunja pobisira mayi ake chinthu.

Sindingabweze wailesi. Sindikudziwa kumene mtolankhaniyo ali, ndipo nkhani ya masikito a wailesi anaisiya kalekale, pano akunena zina. Dzina limene amayi anapatsidwa mwina lidzatha lokha, mwina ayi. Koma iwo akuyenda ndi chinthu chabodza m'mtima, akukhulupirira kuti mawu awo onse anaperekedwa ndipo dziko linawakana. Nthawi zina ndimaganiza kuti n'chimene chinawakhazika pafupi ndi khomo: akuona ngati kulankhula kulibe ntchito. Akadziwa zoona adzandikwiyira, ndipo mwina sadzanditchulanso monyadira pamaso pa anzawo. Ndikuopa zimenezo kuposa kukalipiridwa.

Mawa m'mawa amayi apita kukavuula chinangwa chimene anaviika Lolemba. Amapita okha, ndipo njira yake ndi yaitali mokwanira. Ndidzuka msanga, ndisenza beseni lalikulu, ndipo tisanafike pamadzi ndiwauza kuti mawu a maboti ndi chilimila sanafike kwa mtolankhani, ndipo amene anawasiya ndine.