Ndinagwadira Apongozi Ali Tsidya la Dambo

Ndinapita ku Chikomeni, dera la ku Lundazi kutsidya kwa malire, kuchokera kwathu ku Kasungu kukagwira ganyu m'minda ya fodya, ndipo ndinakwatira komweko. Nyumba ndinamanga pamudzi pa akazi anga ngati mkamwini aliyense, koma munda wangawanga ndinalibe. Amalume a akazi anga, omwe ankagawa malo pabanjapo, anandilonjeza kachigawo ka kudambo, koma anati ayambe aona ngati ndili ndi phindu. Poonera pake panapezeka msanga. Anyani a m'phiri anali atazolowera munda wa apongozi anga aakazi, ndipo ine pofunsira mbeta ndinali nditanena kuti kwathu ndine mlenje. Bodza lenileni silinali, chifukwa mbewa ndinkakumba ndipo njiwa zinkandidziwa.

"Ulenje wanu tiuonela pa chimanga," anatero amalumewo. "Chikatha, za kudambo muiwaleko. Njila ya ku Kasungu muidziwa."

Nyani si nyama yopusa. Anzake akamathyola, mmodzi amakhala pamtengo kulondera, ndipo ukamafika ndi agalu umapeza makoko okhaokha. Ndinaona kuti mankhwala ake n'kuwaona iwo asanandione. Loweruka lina ndinamanga mbuzi yanga pakaliyala wa njinga n'kupalasa mpaka kumsika wa Lundazi, kwa bambo wina wogulitsa mawailesi akale, matochi ndi zitsulo zosadziwika ntchito yake. Ndinali nditamva kuti ali ndi zoonera patali.

Anali nazo ziwiri, ndipo mbuzi yanga inali yokwanira chimodzi basi.

"Mudala, ichi cha maso awili mukoloweka m'khosi, muthamanga nacho," anatero. "Chionetsa phili lonse, koma nyani aoneka mung'ono. Manje ichi cha diso limodzi, nyani mumuona na nsidze zake. Vuto chifuna kuimilila pa miyendo yake itatu, ndipo chionetsa kamalo kang'ono chabe."

Ndinayesa cha maso awiri, ndinaona maminibasi onse a ku Chipata ndi anthu okwera. Ndinayesa cha diso limodzi, ndinaona mano a kondakitala mmodzi ndi kanyama kamene kanatsalira pakati pake. Ndinabwereza kuyesa uku ndi uku mpaka mbuzi inayamba kudya katoni ya mwini malonda, iye n'kundiuza kuti ndisankhe msanga. Ndinatenga cha diso limodzi. Chifukwa chake sichinali anyani ayi, inali miyendo itatu ija. Munthu ukaisenza paphewa umaoneka ngati wa boma woyeza msewu, ndipo mkamwini wopanda munda amafuna kuonekako ndithu.

Akazi anga atachiona, n'kumva za chinzake chimene ndinasiya, anachizungulira kawiri.

"Bambo, maso Mulungu anakupatsani awili. Linalo muzilisungila ndani? Cha maso awili chija mwachisiyilanji?"

Ndinawayankha kuti za ulenje azisiyira alenje.

Apa ndifotokozeko za apongozi anga. Chikwatirireni ndinali ndisanawayang'anepo kumaso, chifukwa mwambo sulola. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'udzu, n'kugwada, n'kuwomba m'manja nditayang'ana kumbali. Mawu athu ankadzera mwa akazi anga, ngakhale tikhale pabwalo limodzi. Zowaona akudya ndiye zosayerekeza n'komwe. Ndinkadziwa chitenje chawo, mapazi awo ndi chifuwa chawo akamatsokomola, basi. Analinso mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, ndipo chaka chimenecho analamula kuti pamudzi pasapezeke wothyola chimanga chachiwisi Lamulungu lopereka zoyamba kucha lisanafike. Ana ankangodutsa m'mbali mwa munda akumeza malovu.

Lolemba m'mawa ndinakwera pachulu chachikulu tsidya lino la dambo, agalu anga awiri ali pambuyo. Ndinaimika miyendo ija, ndinatsinzina diso lamanzere, n'kuyamba kufunafuna phiri. Ndinapeza tsamba, kenako mtambo, kenako tsamba lomwe lija. Chinthucho ukangochikhudza pang'ono dziko lonse limathawa. Nditadzutsa mutu ndinaona kautsi kumunsi kwa munda, ndipo ndinalozetsa komweko kuti mwina ndiyambire pamenepo.

M'galasimo munadzaza nkhope ya apongozi anga.

Inali pafupi moti ndikanatha kuifikira ndi dzanja. Anali atakhala kuseri kwa chitsamba, chimanga chootcha chili kukamwa, maso atatsinzina ndi kukoma, njere imodzi itamatirira pachibwano. Pambali pawo panali zitsononkho zosonyeza kuti ntchitoyi sinayambe tsiku limenelo.

Thupi langa silinadikire nzeru. Ndinangozindikira chipewa chili m'manja, maondo ali pansi, ndikuwomba m'manja kupereka moni kwa chitsulo cha miyendo itatu. Agalu anandiyang'ana, kenako anayang'anana. Ndinakhala chogwada ndikudikira kuti apongozi adutse, monga ndinkachitira panjira. Patapita nthawi ndinasuzumira pang'ono kuti ndione ngati apita. Anali akusenda china. Ndinagwadanso. Kuti ndichotse galasi pa iwo ndinayenera kuyang'anamo, ndipo kuyang'anamo kunali kuwaona akudya. Kuimirira iwo ali pamaso panga kunandikanika. Zoti pakati pathu pali dambo lonse, mutu unkadziwa koma maondo anakana kumva.

Chimene chinandidzutsa ndi kukuwa kwa nyani. Nditayang'ana ndi maso anga awiri obadwa nawo, ndinaona kumtunda kwa munda chimanga chikugwedezeka ngati muli mphepo. Ndinathamanga, ndinatitimira m'matope, nsapato imodzi inatsala momwemo. Pofika ndinangoona misana ikukwera phiri, aliyense atapanira chimanga m'khwapa. Mizere ya kumtunda inali itagona yonse.

Madzulo ake amalume anaitanitsa bwalo pansi pa mtengo wa mango. Ndinakhala chofulatira apongozi, akazi anga ali pakati pathu.

"Mbuzi yapita, chimanga chapita," anatero amalume. "Tiuzeni alenje, m'chinthu chanucho munaona chiyani?"

Ndinachita mantha kwambiri. Ndikanena zoona, ndiye kuti ndavomera kuti ndinayang'ana apongozi akudya, ndiponso ndawavula pamaso pa ana amene ankameza malovu aja. Ndikakhala chete, ndiye njira ya ku Kasungu, akazi anga ali ndi pakati. Ndinayang'ana phazi langa lopanda nsapato.

"Ndinaona utsi," ndinatero.

"Utsi chabe?"

"Utsi, kumunsi kwa munda."

Kumbuyo kwanga kunamveka chifuwa chimene ndinkachidziwa bwino. Apongozi analankhula kwa mwana wawo motsitsa mawu.

"Afunse amuna ako, chinthucho chiona mpaka pati?"

Akazi anga anabwereza funsolo ngati sindinalimve. Ndinayankha ndili chofulatira.

"Auzeni amayi kuti ndi choopsa. Ngakhale njere itamatirira pachibwano pa munthu, chimaonetsa."

Kumbuyo kwanga ndinamva dzanja likupukuta pankhope.

"Achimwene," anatero apongozi kwa amalume aja, "mwanayu musamuvutitse. Anyani a chaka chino ni ochenjela, ngakhale imwe akanakupusitsani. Mwana waulemu ngati uyu sapezeka. Malo a kudambo mupatseni. Koma chinthu chakecho akabweze mawa, atenge cha maso awili chija. Ichi chimuonongela maso."

Amalume anangovomera. Munda unali wa mlongo wawo, ndipo mwini wake anali atalankhula.

M'mawa mwake ndinapalasanso kupita ku boma kukasinthitsa. Cha maso awiri chija ndili nacho mpaka lero. Chimaonetsa phiri lonse, anyani ndimawaona akadali kutsetsereka, ndipo agalu amafika nthawi yabwino. Munthu wokhala tsidya la dambo amangooneka chitenje, zimene ndi zokwanira kwa mkamwini.

Chaka chotsatira, Lamulungu la zoyamba kucha lisanafike, akazi anga analowa m'nyumba ndi mbale yovindikira, nkhope ili yodabwa.

"Amayi akuti ichi n'cha alonda a munda. Akuti musafunse."

Ndinavundukula. Munali chimanga chootcha, chikadali chotentha. Ndinatseka chitseko, ndinatembenukira kukhoma, n'kudya chonse.