Dzina la pa baji

Nthawi imene ndinkalondera pashopu ina ku Msheireb, mumzinda wa Doha, panali mayi wa ku China wogulitsa mafoni. Pa baji yawo panalembedwa liwu lachingerezi lotanthauza mvula yowaza. Alonda tinkaseka. Munthu wamkulu ndithu, dzina ngati lipoti la zanyengo!

Tsiku lina masana ndinawafunsa kuti, "Mayi, dzina limeneli anakupatsani ndani?" Anati anasankha okha, chifukwa makasitomala ankangolipotoza dzina lawo lenileni. Kwawo mvula imawaza kwa masiku ambiri osakata, ndiye muno mu Doha mosowa mvula ankafuna kuti anthu aziitchulako, ngakhale pofunsa mtengo wa chaja.

Kenako analoza baji yanga. "Nanga iwe, amayi ako amakuitana chonchi?" Ayi ndithu. La pa bajilo ndi la pa pasipoti. La kwathu ku Dedza, limene amayi ankakuwa ndikachedwa kudimba, muno palibe amalidziwa.

Mayi aja anandiuza dzina lawo lenileni kawiri. Ndinayesa kulitchula, lilime linakana, ndinangoseka n'kuzisiya. Uchitsiru wanga! Kontrakiti yawo itatha anabwerera kwawo. Lachingerezilo ndimalikumbuka mpaka lero. Limene ankawaitana nalo amayi awo, sindikudziwa ngakhale poyambira pake.