Buku Lochedwa ndi Miyezi ya Eda

Mabuku onse a m'nyumba mwathu amanunkha usipa. Amene anabwerekapo akudziwa, ndipo mayi wina woyandikana nafe anabweza lina akudandaula kuti mphaka wake sankachoka pamene analiika. Amuna anga, omwe tsopano ndi malemu, ankagula usipa wouma m'madoko a kuno ku Mangochi n'kukagulitsa ku Limbe. Pobwerera ankakulunga buku m'matumba opanda kanthu aja kuti lisanyowe pa lole. Kuno ku boma mabuku a sukulu amapezeka, a chipembedzo amapezekanso, koma ukafuna buku la nthano latsopano umachita kutuma munthu wa paulendo.

Iwo sukulu sanapite nayo patali. Zilembo za ku madrasa ankaziwerenga bwino, koma tsamba la Chichewa ankalikoka movutikira ngati khoka lodzaza matope. Motero wowerenga ndinali ine, iwo womvera. Kunena zoona anali womvera wovuta. Ankalowerera, kutsutsa, kukalipira anthu a m'nkhani ngati akuwamva, mpaka ine kutseka buku n'kuwafunsa ngati akufuna kulemba lawo. Mwana wathu, mtsikana mmodzi yekhayo amene Mulungu anatipatsa, anakulira m'phokoso limeneli. Kuwerenga anatengera ine, pakamwa anatengera bambo ake. Nthawi imene ndikukambayi n'kuti ali Sitandade 4.

Chaka chimenecho, pa pulogalamu ya alembi imene inkaulutsidwa pa wailesi Lamlungu masana, analengeza kuti mlembi wina amene tinkamukonda atulutsa mabuku awiri nthawi imodzi chaka chatsopano chikangoyamba. Loyamba linali la akuluakulu, gawo lachiwiri la nkhani imene tinaiwerenga mpaka chikuto kuthothoka, ndipo inatisiya m'malere pamene mkazi wa m'nkhaniyo anali atamanga katundu koma asanatuluke pakhomo. Lachiwiri linali la ana, lonena za kamtsikana kophunzira kukonza njinga za kabaza. Anawerengako ndime imodzi. Mwana wanga anamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo atamaliza anakakamira bambo ake pa mkono. Iwo anamuuza, ine ndikumva, kuti tsiku limene lidzatuluke adzabwera nalo iwo eni, lisanafike m'manja mwa mwana wina aliyense wa kwa Mponda. Ine ndinawakumbutsa kuti langa asadzaliiwale, iwo n'kundiyankha kuti mkazi uja sadzachoka pa banjapo, ndingotaya nthawi. Tinakangana nkhani imeneyi masabata angapo, ndipo sindinadziwe kuti ndiyo mikangano yathu yomaliza.

Sukulu zitatsekera, mvula itangoyamba, mwana anapita kukacheza kwa azakhali ake kufupi ndi Chiponde. Bambo ake ananyamuka ndi matumba awo monga mwa nthawi zonse. Anagwa mumsika ku Limbe akutsitsa katundu, ndipo pofika kuchipatala anali atatisiya. Anzawo a malonda anabwera ndi thupi m'mawa. Kwathu kuno maliro sagona. Anawasambitsa, anawakulunga nsalu yoyera, ndipo swala ya masana itatha kumzikiti amuna ananyamula jeneza, chonyamulira maliro, kupita kumanda, ife amayi tikutsala pakhomo monga mwa mwambo. Uthenga unafika ku Chiponde, koma mvula inagwa tsiku lonse ndipo azakhali akewo sanapeze chokwera. Mwana anafika mawa lake. Anapeza nyumba yodzaza amayi, mikeka pabwalo, bambo ake ali kale m'nthaka.

Mwambo umenewu sindiudandaula. Ndi wathu, ndipo nanenso ndidzapita momwemo. Koma mwanayu sanaone kanthu. Iye chimene ankadziwa n'chakuti ababa ake anapita ku Limbe, ndipo ku Limbe munthu amapita n'kubwerako. Amalume ake anapita naye kumanda patapita masiku. Akuti anayang'ana mtumbirawo kanthawi, kenako anati akumva ludzu, abwerere kunyumba. Sanalire tsiku limenelo, sanalire pa sadaka, ndipo amayi ena ankamuyamikira kuti ndi mwana wolimba mtima. Ine ndinkachita mantha.

Ndinalowa eda. Kwa amene sadziwa, imeneyi ndi miyezi inayi ndi masiku ake imene mkazi wofedwa mwamuna amakhala m'nyumba, osadzikongoletsa, osayenda mitunda, osacheza ndi amuna amene si abale ake. Alamu anga aakazi, mlongo wawo wamkulu wa malemu, anabwera kudzakhala nane. Ndi mayi wabwino, anandiphikira ndi kundichapira osadandaula, koma wailesi sankaifuna m'nyumba ya chisoni. Choncho Lamlungu lililonse mwana ankainyamula kupita nayo kuseri kwa khitchini, n'kuiika pakhutu mawu ali pansipansi. Akabwerako ankandipatsa lipoti ngati mtolankhani. Silinatuluke, amama. Ndiwo mawu okhawo amene ankawanena ndi mphamvu m'miyezi imeneyo, chifukwa zina zonse ankangoyankha ndi mutu.

Chaka chatsopano chinayamba, mabuku osaoneka. Pa wailesi anati mapepala asowa. Kenako anati zithunzi za buku la ana sizinathe. Poyamba ndinkapsa mtima. Ndinkati anthu awa amalengezeranji chinthu chimene sichinapse, kutinyenga ngati tiana. Ndinkalifuna buku langa lija, ndisaname. M'nyumba ya eda tsiku limatalika, ndipo mabuku akale onse ndinali nditawabwereza mumtima chifukwa kuwatsegula pamaso pa alamu anga ndinkachita manyazi. Ndinkafuna kudziwa ngati mkazi uja anatuluka pakhomo, ngakhale kuti womutsutsa ndinalibenso.

Tsiku lina mwana anabwera kuchokera kuseri kuja nkhope ili yowala, n'kunena kuti alisunthanso, lituluka mvula ikakata. Ndinadabwa kuti mwana akondwere ndi kuchedwa kwa chinthu chimene akuchifuna. Alamu anga anamufunsa kuti nanga likadzatuluka adzamugulira ndani. Iye anayankha osaphethira kuti ababa. Alamu anakalipa, anati mwana asamatchule akufa ngati ali kumsika, n'kuyamba kulira okha. Apo m'pamene ine ndinamvetsa. Buku lisanatuluke, bambo ake anali asananame. Anali asanachedwe n'komwe, pakuti analonjeza kubwera nalo likatuluka, ndipo linali lisanatuluke. Mwana wanga anali atamangirira bambo ake ku buku limenelo, ndipo ankakhala mwamtendere malinga ngati makina osindikizira sanayende.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kutukwana osindikiza. Ndinayamba kuwafunira kuti mapepala awo asapezeke msanga. Ndinkadziwa kuti si nzeru, koma ndinalibe mawu omuuzira mwanayo. Ndinayesapo. Ndinamukhazika pamkeka, ndinamuuza kuti tonse ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, kuti bambo ake anatsogola. Anavomera zonse mwaulemu monga amavomerera ku madrasa, kenako anafunsa ngati mabatire a wailesi alipo ena.

Mabukuwo anatuluka chimanga chitayamba kuuma m'minda, eda yanga itatsala pang'ono kutha. Lamlungu limenelo mwana sanabwere ndi lipoti. Anaika wailesi pawindo n'kukakhala pakhonde. Mnzawo wa malemu, amene ankayenda nawo ku Limbe, anatumiza mawu kudzera kwa mchimwene wanga kuti iye akhoza kubwera nawo ulendo wotsatira. Mwana atamva anakana kwamtuwagalu, anati ameneyo si amene analonjeza.

Mawa lake sanabwere molunjika kuchokera kusukulu. Anamupeza kumsewu waukulu, pamene malole ochokera ku Limbe amatsitsira anthu, ataima ndi chikwama chake kumsana. Amalume ake anamubweza. Tsiku lotsatira anapitanso. Anyamata a kabaza anamuzolowera, ena ankamugulira chitumbuwa, iye osadya. Aphunzitsi ake anatuma uthenga kuti m'kalasi amangoyang'ana panja. Anawonda ndikumuona. Ndipo ine, mayi ake, sindikanatha kupita kukamugwira dzanja kumsewuko. Ndinkafika pachipata cha mpanda wathu wa bango, n'kuima pomwepo, kumvetsera kulira kwa malole patali. Pa zonse zimene ndinadutsamo chaka chimenecho, kuima pachipata paja ndiko kunandiwawa kwambiri, kuposa tsiku la maliro. Mwamuna ndinali nditamutaya kale, ndipo ndinkaona kuti mwananso akundipulumuka m'manja.

Eda itatha, amayi anzanga anabwera. Ndinasamba, ndinavala nsalu yatsopano, tinadya pamodzi, ndipo anayamba kundikonzera ulendo woyendera abale a malemu kukathokoza, monga zimakhalira. Ndinawauza kuti abale ndiwayendera, koma mawa ndikupita ku Limbe ndi mwana kukagula mabuku. Alamu anga anandikokera pambali n'kundifunsa kuti anthu anena chiyani, mkazi kungotuluka m'chisoni n'kuthamangira nthano. Ndinawayankha kuti anthuwo anene, koma mwana wa mchimwene wawo akuthera kumsewu. M'mawa ndinapeza alamuwo atatiwiritsira mbatata za paulendo.

Kwa mwana sindinanene zambiri. Ndinangoti tiye tikaone kumene ababa ako ankagula mabuku. Anavala mofulumira, ndipo ndinadziwa chimene ankaganiza kuti tikapeza kumeneko, koma ndinalibe mtima womutsutsa. Mu minibasi anakhala kuwindo. Lole iliyonse imene tinkakumana nayo, kuyambira ku Ulongwe, Liwonde mpaka Zomba, ankaitsatira ndi maso mpaka khosi kupotoka, kuyang'ana amuna okhala pamwamba pa matumba. Inenso ndinali ndisanafikepo ku Limbe. Zaka zonsezo ndinkangolandira mabuku m'manja, osadziwa ngakhale mtundu wa chitseko cha kumene ankachokera.

Mnzawo wa malemu uja anali atatilongosolera njira. Inali shopu yaing'ono, yopanikizika pakati pa ogulitsa nsalu ndi ogulitsa zitsulo. Mabuku awiri aja anali pawindo, atsopano, oyera m'mphepete. La ana linali ndi chithunzi cha kamtsikana kagwira sipanala. Mwana wanga sanaliyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa anthu a m'shopumo, mmodzimmodzi, mpaka kuseri kwa mashelefu.

Wogulitsa anali bambo wachikulire wa magalasi. Nditapereka moni n'kunena zimene ndikufuna, anamva kalankhulidwe kanga n'kufunsa ngati ndife a ku Mangochi. Nditavomera anasangalala. Anati ali ndi kasitomala wake wa kumeneko, bambo wogulitsa usipa, munthu wovuta koma wosangalatsa. Akuti bambo ameneyo sagula buku asanamuuze kuti alitsegule tsamba ndi tsamba pamaso pake, kuona ngati palibe losowa kapena lozondoka, ati chifukwa kunyumba kuli aphunzitsi awiri amene sakhululuka. Zimenezi ine sindinkazidziwa. Wogulitsayo anawerama, anatulutsa mabuku awiri pansi pa kauntala, omangidwa pamodzi ndi kalabala.

"Anandiuza chaka chatha kuti ndidzawasungire oyambirira, lina la mayi, lina la mwana," anatero. "Koma sakuoneka. Kapena mukuwadziwa? Ali bwino?"

Miyezi yonse ija ndinali nditayankha funso limeneli kwa anthu ambirimbiri, koma apa lilime linakana. Mwana anali atasiya kuyang'ana anthu. Anayang'ana mabuku aja pa kauntala, anayang'ana kalabala kaja, anayang'ana chitseko. Kenako amene anayankha ndi iye.

"Ndi ababa anga," anatero. "Sabweranso. Anamwalira."

Kanali koyamba kuti mawu amenewo atuluke pakamwa pake. Atangowanena anagwira nsalu yanga, n'kuyamba kulira maliro onse amene sanalire kwathu, mokweza, pakati pa anthu osawadziwa. Wogulitsa uja anavula magalasi, anatulutsa mpando wake kuseri kwa kauntala, ndipo ndinakhala pamenepo mwana ali pamiyendo panga mpaka anatopa.