Kachitini ka Lenifa Pamaliro

Lenifa Kalekeni anabwera ku Maryland kuchokera ku Kasungu zaka zisanu zapitazo kudzaphunzira sayansi ya kuwala. Amakhala ku Germantown kwa azakhali ake, omwe amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo Lamulungu amathandiza kuphunzitsa ana kutchalitchi kwathu. Anawo amamukonda chifukwa sapsa mtima msanga.

Ntchito yake amaifotokoza chonchi. Pakagalasi kakang'ono ngati chikhadabo pamakhala timibulu ta siliva tosaoneka ndi maso. Kuwala kukatigunda kumaunjikana m'mbali mwake, pamalo aang'ono kwambiri moti kamera singajambule. Choncho Lenifa amamata kagalasiko ndi utoto wofiira wa pulasitiki, wopyapyala kuposa khungu la anyezi. Akawalitsapo leza, kuwala kwamphamvu kochokera m'makina, utotowo umasuntha motsatira kuwalako, pena kukumbika, pena kutukuka. Kenako makina okhala ndi kansingano amapapasa timapiri ndi timaenjeto n'kutulutsa chithunzi. Utotowo umaopa zinthu ziwiri: kuwala kwina ndi kutentha.

Chilimwe chatha anali atatsala ndi timagalasi tinayi tokha, timene anatidikira miyezi isanu. Aphunzitsi ake, a Wilkins, anali atamuuza mosabisa kuti zithunzi zikapanda kutuluka pofika Seputembala, sadzamaliza maphunziro mu Disembala.

Loweruka lina m'mawa anawalitsa tonse tinayi. Makina a kansingano anali kulabotale ina ya kufupi ndi kwawo, ndipo anamupatsa mpata wa Lolemba. Anaika timagalasito m'kachitini ka mabisiketi n'kukakulunga ndi foyilo, pepala lonyezimira lokulungira chakudya. Ali m'njira, azakhali ake anaimba foni kuti a Gracian, mkulu wa mpingo wathu, aferedwa bambo awo ku Mzimba, ndipo anthu asonkhana kunyumba ya a Gracian ku Silver Spring. Maliro akagwa kumudzi, ife kuno timakakhalabe ndi ofedwa, ndipo palibe amene amazemba. Dzuwa linali loswa mtengo, m'galimoto mukanatentha ngati ng'anjo, choncho kachitiniko analowa nako.

Pakhomo anamulandira mai Mwewa, nesi wachikulire wa ku Lusaka amene ankayang'anira kukhitchini.

"Leta kuno, mwana wanga. Ungayende kwa ofedwa na katundu kumanja?"

"Amayi, si chakudya ichi. Chonde musatsegule, ndipo chisaone dzuwa."

"Ine nitsegule vinthu va eni ake? Yenda ukapepese."

Lenifa anagwada, anapepesa, n'kukhala pansi ndi azimayi. Nyimbo, ulaliki ndi mapemphero zinatenga maola awiri. Kawiri anafuna kudzuka, koma azakhali ake anamugwira mwendo.

Itakwana nthawi ya chakudya anathamangira kukhitchini. Pathebulo kachitini panalibe.

"Nakusungira bwino," anatero mai Mwewa. "Apa ana akanatsegula. Naika mu uvuni, mulibe dzuwa."

Anaikamo uvuniyo ili yozizira. Koma mayi wina, pofuna kutenthetsa nkhuku ndi mpunga, anaiyatsa osatulutsamo kachitiniko. Zonse zinali m'foyilo.

"Ndimayesa ndi mandasi," anatero mayiyo. "Nanga munthu angabwere pamaliro ndi foyilo yopanda chakudya?"

Azimayi ena anaseka chapansipansi. Lenifa anatulutsa kachitiniko atakagwira ndi kansalu. Sungakalipire akuluakulu panyumba ya maliro.

"Zikomo amayi, munachita zimene ndinapempha," anatero, n'kuyamba kugawa mbale.

Lolemba kansingano kanayenda pamagalasi onse anayi tsiku lathunthu. Kutentha kunali kutafewetsa utotowo, ndipo timapiri ndi timaenje tonse tinali titasalala. Zithunzi zinatuluka ngati leza sinawalepo n'komwe.

A Wilkins anamvetsera nkhaniyo atagwira chibwano.

"Ndiye unapita nazo kuphwando?"

"Silinali phwando. Anali maliro."

"Koma wati womwalirayo ali ku Malawi."

Lenifa anayamba kufotokoza, kenako anasiya. A Wilkins anatsegula kalendala, anawerenga miyezi isanu yodikira timagalasi tatsopano, anawonjezerapo iwiri yolembera, n'kufufuta dzina lake pa Disembala. Madzulo amenewo Lenifa anadzaza fomu yopempha timagalasi tina. Anapempha tisanu ndi titatu, ndipo opanga timagalasito anamuyankha kuti angamupangire tinayi basi.