Mbewa Zimene Atate Anamasula

Fungo la lubani pamsika wa Ulongwe lero landikumbutsa atate.

Anabwerako ku Joni ndi kafano ka Buda, n'kumakhala pamkeka atatsinzina, lubani akufuka. Ine ndinkayesa akudwala.

Tsiku lina ndinakumba mbewa zitatu, ndiwo zathu, n'kubwera nazo zamoyo. Atate anamasula thumba, zonse n'kuthawira m'udzu.

"Chamoyo chilichonse chimamva kuwawa, mwananga. Phunzira chifundo."

Posakhalitsa amayi anafika kuchokera kumunda atasenza dengu la kachewere, ali ndi pakati, mapazi atatupa.

"Abambo, tanditulaniko."

"Musandisokoneze, ndikusinkhasinkha," anayankha atate osatsegula maso.

Ndinawatula ndine, dengu n'kundigwetsa pansi.

Mpaka lero ndimati amayi akanakhala mbewa, atate akanawaona.