Babu ya Chala Chofiira

Ku labotale ankamutchula kuti Chala Chofiira, chifukwa utoto wa mabulosi sunkachoka m'zikhadabo zake. Ntchito yake inali kunyika timagalasi mu utotowo, kutiyanika padzuwa ndi kuyeza magetsi amene tatulutsa. Magetsi ankatulukadi, koma ochepa ngati misozi ya mwana wonamizira kulira. Choipa china, dzuwa lomwelo linkasulutsa utoto, mphamvu n'kuthera pomwepo. Iye sankagwa ulesi. Ankasintha zipatso, kusefanso madzi ake, singano ya mita ikasuntha pang'ono n'kumwetulira tsiku lonse.

Mkazi wake anali telala. Ankasokera m'chipinda chakuseri cha zenera limodzi, ndipo magetsi a m'dera lawo ankazima kuposa kuyaka. Dokotala anali atamuchenjeza kuti maso ake akufooka, asamasokere mumdima.

"Bambo, tigule sola ya m'sitolo," ankatero mayiyo. "Ulusi ukundivuta kulowetsa."

"Ya m'sitolo, ine ndilipo? Anzanga akandiona bwanji? Dekhani mayi, yanga yatsala pang'ono."

Pang'ono ameneyo anadya zaka. Kunena zoona, bamboyu sanali wankhanza, anali wouma mutu basi, ndipo kuuma mutu kwa munthu wophunzira kumapweteka kwambiri chifukwa kumabwera ndi zifukwa zomveka. Mayiyo anayamba kuitana mwana wa neba kuti azimulowetsera ulusi. Kenaka makasitomala anayamba kubweza madiresi okhota mipendero. Pamapeto mayiyo anaphimba makina ake osokera ndi nsalu, osadandaulanso. Mwamuna wake anayesa kuti wamvetsa. Paja zengerezu adalinda kwaukwau.

Tsiku lina utoto unagwira, osasuluka. Chala Chofiira anakhoma magalasi padenga, nalumikiza batire, napachika babu pamwamba penipeni pa makina aja. Dzuwa litapendeka anamugwira mkazi wake dzanja, namukhazika pampando wosokera.

"Konzekani mayi, muone zimene ndakhala ndikuvutikira."

Mayiyo anakweza nkhope, kuyang'ana cha kukhoma kumene kunalibe kanthu. Anamwetulira monga ankachitira kasitomala akamayesa diresi.

"Iii, koma yawala bwino, bambo. Mwagwira ntchito."

Chala cha bamboyo chinali chikadali pa swichi. Anali asanayatse.